Wovala Zakuda Sayang'anidwa

"Ndakuuzani kale, mayi, palibe amene anaona," anatero mwini nyumba ya zisudzo, maso ali pa mbale yake ya mpunga. "Madzi akatayika saoleka."

Otane anawerama, nathokoza, natuluka. Linali khomo lachisanu ndi chiwiri kugogoda.

Mwamuna wake Kanroku ankafa pansanja tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, kubayidwa ndi lupanga lansungwi, kenako n'kudzuka kukadya. Tsiku lina lupangalo linali lachitsulo, ndipo sanadzuke. Wobayayo anali m'ndende, akulumbira kuti anangolandira chimene anapatsidwa. Anam'patsa ndani? Mmodzi wa ovala zakuda, ophimba kumaso aja amene amasuntha katundu sewero lili mkati. Koma mu mzinda wa Edo ngakhale mwana amadziwa kuti wovala zakuda sayang'anidwa, amakhala ngati palibe. Anthu mazana asanu anali m'menemo ndi maso awo, onse akhungu mwaulemu.

Maliro atatha, anzake a Kanroku anasowa. Anatsala Yahei yekha, wamkulu wa ovala zakuda, amene ankafika m'mawa uliwonse akukoka mwendo wamanzere, kudzamwa naye tiyi. Pakanapanda iyeyu, Otane akanaiwala mawu ake omwe.

Tsiku lina Otane anaimitsa Okuma, mayi wakumapiri wogulitsa makala.

"Nkhope yatani, mayi? Mwameza khala langa?"

"Amuna anga ndi aja anafera ku zisudzo."

"Kodi? Pepani. Inetu ndinalipo, koyamba m'moyo wanga. Anthu ankakuwira asewero opaka ufa kumaso aja, koma ine anandikoka mtima ndi wovala zakuda uja. Kubisa lupanga kunsi kwa mphasa, kusolola lina, phee ngati mphaka. Nditafunsa kuti ameneyu ndani m'seweroli, anandiseka kuti ndine wakumudzi."

"Anali wotani?"

"Kumaso sindinamuone. Koma ankakoka mwendo, uwu."

Okuma anadzimenya pa ntchafu yamanzere. Zoonadi, mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Otane ankadziwa kuti mwa ovala zakuda onse wotsimphina anali mmodzi.

M'mawa mwake Yahei anafika monga mwa nthawi zonse, navula nkhwayira pakhomo.

"Alamu, lekani kuyendayenda m'makomo, mudzidwalitsa," anatero. "Nyumba yanga malo alimo. Ndinakuuzani zimenezi kale, musanakwatiwe."

"Ndikukumbuka. Imwani, azizira."

Anam'yang'ana akumwa. Ankafuna kudana naye, koma chimene anamva chinali chisoni: kuyambira mawa palibe adzam'funse kuti wadzuka bwanji.

Yahei atapita, Otane anamanga lamba wake wamaliro, nakapeza Okuma pamlatho. Anam'senzera makala mpaka ku bwalo la milandu, kuti Okumayo akanene zimene anaona.

Atabwerera kunyumba anapeza makapu awiri aja ali pamphasa. Anawatsuka onse. Ya Yahei anaikulunga m'nsalu, naiika pansi penipeni pa bokosi.