Kabokosi ka Mazenera Awiri

Kabokosi ka Modester kanali kachitsulo, kochepa ngati sopo wosambira, ka mazenera awiri opyapyala kuposa khungu la anyezi. Mkati mwake ankaikamo ufa wotuwa wotchedwa katalisiti, womwe umasandutsa utsi woipa wa galimoto kukhala mpweya wosapha. Ufawu ndi wamanyazi, ukangouvundukula umasiya zomwe umachita. N'chifukwa chake Modester anaupangira kanyumba kotsekeratu, kotenthetsa, kolowa mpweya wa poizoni m'timapaipi, kuti kuwala kwa X-ray kulowe pazenera lina kutulukire linalo, kuulule zomwe ufawo ukuchita uli pa ntchito. Kabokosiko kanamudyera nthawi yake yonse ya ku Manchester.

Makina a kuwala koteroko anali kumwera, kufupi ndi Oxford, ndipo anthu ankachita kulimbirana. Gulu la Modester linapatsidwa timasiku tochepa mu February 2016. Ukaphonya udikire chaka china, pomwe ntchito ya Modester inkatha mu June.

Ndiye pakati panabwera, posankha nthawi yake bwino ngati mlendo wa dala.

Lamulo la m'labu linali losapsatira: woyembekezera anene msanga, achoke pa mpweya wa poizoni. Koma kwathu pakati sitilengeza, anthu amangoona okha chitenje chikukwera. Modester anaphwanyapo mwambowu kamodzi. Pakati poyamba analengeza mwachizungu, chithunzi cha sikani mpaka pa Facebook, kenaka anapita padera. Mayi ake ku Dedza analira naye pafoni, pomaliza n'kufunsa chapansipansi, "Koma mwanawe, unafulumiriranji kunena?" Modester ndi dokotala wa sayansi, akudziwa kuti pakamwa sipachotsa mimba. Koma funsolo linamukhala pamtima ngati minga ya nsomba pakhosi.

Rodrick, mwamuna wake, ndi nesi, ndipo nkhaniyi ankaiona mwachipatala.

"Amayi, mpweya wa carbon monoxide uja si woseweretsa. Auzeni abwana anu a Joan basi."

"Ndikanena andichotsa pa ulendo wa ku makina aja. Kabokosi kanga apita nako mnzanga Thomas."

"Apite nako. Ndi chitsulo chija."

"Inu mukuti chitsulo?" Kenaka ananena chenicheni. "Ndikuopa, a Rodrick. Ndikanena pachokanso."

Rodrick anangotenga jekete lake n'kupita kokwera tramu, kasitima ka mu mzinda.

Modester anapitiriza ntchito osauza munthu. Lachitatu lina masana akuyesa kabokosiko, mvula ya ku Manchester ikunyenyerera pawindo monga mwa masiku onse, belu la chenjezo linalira. Kampira kotsekera zenera kanali katang'aluka ndi kutentha. Mpweya umenewu ulibe fungo, sudziwa kuti walowa liti. Onse anathamangira panja. Thomas, mnzake wa pa ntchito, ankaseka kuti kadontha pang'ono chabe, sikangaphe ndi mbewa yomwe. Modester sanaseke. Anaima pamvulapo manja ali pamimba.

Tsiku lomwelo anagogoda pa ofesi ya a Joan, mkulu wa gulu lawo. Mawuwo anatuluka m'Chingerezi, mwina poganiza kuti m'chilankhulo cha eni sawerengedwa. A Joan anadzuka n'kumukumbatira, chimwemwe chodzaza tsaya, ndipo lisanalowe dzuwa labu yonse inali itamva. Anthu abwino ndithu, koma pakamwa ngati wailesi. Aliyense wodutsa, "Congratulations!" Modester ankangoti zikomo, ngati akumuwerengera mlandu.

Masiku otsalawo anaphunzitsa Thomas kasamalidwe ka kabokosiko ali chapatali, mpweya utatsekedwa. Anamuonetsa kamangidwe ka timabawuti, mopingasa, pang'onopang'ono, kuti zenera lisakwinyike. Thomas anali ndi changu cha munthu amene sanalirepo chifukwa cha zenera long'ambika.

"Usalikhudze ndi chala," anamuuza m'Chingerezi. "Ngakhale pang'ono."

M'mawa wa ulendowo anakachotsa yekha m'kabati yake, kukakulunga m'siponji, n'kukapereka. Galimoto isananyamuke a Joan anamupatsira kaphukusi ka pepala lofewa.

"Ndaluka ndekha," anatero m'Chingerezi, akumwetulira. "Sindinathe kudikira."

Munali kajuzi koyera ndi timasokosi tiwiri, tating'ono ngati zala zazikulu za kumanja. Zovala za mwana amene sanabadwe, amene ngakhale agogo ake sanauzidwe! Modester anathokoza bwinobwino monga analeredwera, n'kuimirira mpaka galimoto itakhota pa Oxford Road.

Anabwerera m'labu muli zii. Kunyumba sakanapita nazo zovalazo, kutaya sakanataya, ndi mphatso. Anatsegula kabati ija. Pashelefu panali kabwalo koyera pakati pa fumbi, pomwe kabokosi kankakhala. Anaika kajuziko pomwepo, timasokosi pamwamba, n'kukhoma.

Foni inalira. Anali mayi ake.

"Muli bwanji kumeneko, mwanawe? Palibe chachilendo?"

Modester anayang'ana kiyi m'dzanja lake.

"Palibe, amayi," anatero. "Kukungogwa mvula."