Azakhali Achotsedwa M'buku

Telala atamaliza kulemba buku lake la nkhani yopeka, masamba mazana asanu, analemba ganyu mkonzi wa mabuku, mayi wa cholembera chofiira amene kuseka sankakudziwa.

"Azakhali awa a m'mutu wachitatu akungomwa tiyi basi," anatero mkonzi. "Achotseni."

Telala anawachotsa. M'mawa mwake anamva odi pakhomo. Potsegula anapeza azakhali aja ali chilili, chikwama kumanja, kapu kumanzere.

"Wandithamangitsa m'buku, mwanangu. Ndiye ndikakhale kuti?"

Nanga munthu wamkulu n'kumubweza pakhomo? Anawapatsa mpando.

Koma mkonzi anali atangoyamba kumene. Lachiwiri anachotsa wapolisi, Lachinayi kwaya yonse ya pa ukwati. Onsewo anatulukira kwa telala, mpaka pabalaza panasowa poponda. Wapolisi ankagona pansi pa makina osokera, kwaya inkaphunzirira nyimbo kubafa, ndipo azakhali anamaliza shuga yense.

Mkazi wa telala zinamukwana. "Bambo, kaitaneni mkonzi wanuyo adzaone zimene wayambitsazi."

Mkonzi anafika, navala magalasi, namwazamwaza maso. Azakhali anali atamugwira wapolisi pakhosi chifukwa cha supuni, kwaya ikuthira mang'ombe. Telala anali pakona, manja ali m'khosi.

"Apa ndiye nkhani yayamba kukoma," anatero mkonzi. Kenako analoza telala ndi cholembera chija. "Koma bambo awa akungokhala basi. Achotseni."

Telala anayang'ana mkazi wake kuti amuikire kumbuyo. Mkaziyo anali atapita kale kuchipinda kukamulongedzera chikwama.