Mbali Ziwiri za Kumanzere

Atapuma pa ntchito yoyendera masukulu, a Inspekitala anaona kuti dziko likusowa akalipentala odziwa chimene akuchita, ndipo anadzipereka. Palibe amene anawapempha. Anatulutsa galimoto m'galaja, naiimika pansi pa mtengo kuti mbalame ziziilembera ndemanga zoyera, nalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo chipindacho chizitchedwa wekishopu.

Panatha zaka zitatu, ndipo kunena zoona manja awo sanakhale chabe. Anakhoma benchi yogwirirapo ntchito, yomwe inawatengera chaka ndi theka, yosalala moti pensulo ukaiika pamwamba inkangokhala phee, osadziwa kogubudukira. Anakhoma bokosi losungiramo matchizulo. Anakhoma shelefu yoikapo bokosilo. Anakhomanso kabokosi kena kosungiramo mapensulo olembera mabokosi. Pakhoma anapachika thabwa lalikulu, najambulapo ndi penti yofiira chithunzi cha chida chilichonse: sowo, hamala, sikweya, puleni. Chida chikachoka pamalo pake chinkaonekera patali, ngati mwana wojomba kusukulu.

Luso lonselo analitola pa foni, kwa azibambo a ndevu zambiri a kumaiko akutali, ndipo kwa iwowo anatengako lamulo limodzi lomwe ankalilalikira kwa aliyense wobwera kudzabwereka wilibala: mmisiri weniweni sagwiritsa ntchito msomali. Thabwa lizilowa m'thabwa linzake, lino m'bowo, guluu pang'ono, basi. Kukhoma msomali, ankatero iwo, n'chimodzimodzi kubera mayeso.

Chimene sichinachitikepo m'zaka zitatuzo ndi chakuti chinthu chituluke pakhomo la wekishopu n'kukalowa m'nyumba.

M'nyumbamo munali akazi awo, telala wa zaka makumi atatu pa ntchito, amene ankadulira nsalu pa tebulo lodyera. Nthawi ya chakudya ikakwana ankapinda diresi la mwini wake, kuika mbale, kupukuta msuzi, n'kuyalanso diresilo. Anali mayi wamfupi, ndipo shelefu ya pamwamba kukhitchini ankaifikira ataponda pa ndowa yapulasitiki yovundikira. Lolemba lina m'mawa ndowayo inatopa. Phazi linaboola n'kulowa mpaka m'kakolo, botolo la mafuta ophikira linapita kwake, ndipo mayiwo, atadzitola, anatenga ndowa yong'ambikayo n'kukaiika pakatikati pa benchi yosalala ija.

A Inspekitala anayamba kufotokoza kuti pulasitiki wa masiku ano ndi wosadalirika. Mayi anawadikira kuti amalize, popeza anali atazolowera, kenako ananena zawo mosakweza mawu.

"Bambo, pofika Loweruka ndikufuna chinthu chimodzi chituluke muno, choti ine ndipondepo osagwa. Chikapanda kutuluka, achimwene abwera ndi kalole kawo, zitsulo zanuzi zikagona kusitolo ya kuseri pamodzi ndi makasu, muno mulowa makina anga."

Anayankha kuti luso silithamangitsidwa. Mayi anati zaka zitatu si kuthamanga, natuluka, ndowa n'kuisiya pomwepo.

Sitolo ya kuseri ankaidziwa bwino a Inspekitala. Inalibe windo, inkadontha, ndipo munthu akaimirira mutu unkagunda malata. Benchi sikanalowamo ngakhale moipendeketsa. Anaona kuti nkhani yafika poipa, choncho anatsitsa thabwa lomwe ankalisunga pamwamba pa mitanda: thabwa limodzi la mbawa, lotsala pa chitseko cha nyumba ya malemu bambo awo. Alendo ambiri anali ataonetsedwa thabwa limeneli ndi kuuzidwa kuti likudikira ntchito yoliyenera. Tsopano ntchito yoliyenera inali yolowa m'malo mwa ndowa.

Anajambula pulani ya kampando kokwerera ka masitepe awiri: mbali ziwiri zooneka ngati makwerero, kutsogolo kofupika, kumbuyo kotalika, ndi timatabwa tiwiri topondapo. Atayeza anapeza kuti thabwalo likukwanira ndendende, kotsala kake kosakwana n'chogwirira cha mpeni chomwe.

Lachiwiri anapala. Lachitatu anacheka mbali ziwiri zija, akupuma mosamala ngati dokotala wa opaleshoni. Lachinayi linali tsiku la mabowo, anayi mbali iliyonse, momwe mano a timatabwa topondapo adzalowemo. Mabowowo anayenera kulekera pakati pa thabwa, osatulukira kunja, kuti kunjako kukhale kosalala ngati tsaya la khanda, munthu azidabwa kuti kampandoka kagwirana bwanji. Anagoneka mbali zonse ziwiri pa benchi moyandikana, zoyang'ana kumodzi. Anatenga katoni yomwe anadulapo chitsanzo, naiika pa yoyamba, nalemba. Anaiika pa yachiwiri, nalembanso. Anasema tsiku lonse, tchizulo chikudya bwinobwino, ndipo madzulo ake anaima chapatali manja ali m'chiuno. Mbali ziwirizo zinali zofanana ngati mapasa. Akanakhala kuti akadali pa ntchito, akanadzipatsa okha malikisi onse.

Lachisanu m'mawa anayamba kulumikiza osapaka guluu, kuti aone kaye. Mbali ya kumanzere inalandira timatabwa take mwaulemu. Anatenga inzake kuti aiike kumanja, n'kupeza mabowo ake akuyang'ana kunja, kukhoma. Anaitembenuza kuti mabowo ayang'ane m'kati. Sitepe lalitali linabwera kutsogolo, lalifupi kumbuyo. Anaizondotsa. Anaibwezanso. Anazungulira benchi n'kukaima tsidya linalo, poganiza kuti mwina kumeneko zinthu zioneka mosiyana, koma kumanzere kunangosamuka nawo limodzi.

Anatenga tepi n'kuyeza bowo lililonse. Panalibe lolakwika ngakhale ndi tsitsi limodzi. Anali atapanga, mwaluso losaneneka, mbali ziwiri za kumanzere.

Anakhala pa bokosi la matchizulo n'kuyamba kufunafuna wolakwa, monga mwa chizolowezi cha ntchito yawo yakale. Azibambo a ndevu aja sananenepo za zimenezi. Katoni nayo inangokhala chete pomwe inkaona. Koma lipoti lililonse lomwe ankalilemba m'mutu linkathera pa dzina lawo lomwe. Thabwa lina la mbawa panalibe, ndipo mawa linali Loweruka.

Cha m'ma leveni kunja kunamveka kalole. Anali alamu awo, mchimwene wa mayi, dalaivala wa mimba yaikulu amene chilichonse chothyoka pa dziko lapansi ankachikonza ndi waya, msomali kapena mwala. Anati angodutsa kudzaona ngati zitsulo zonse zidzakwane ulendo umodzi. A Inspekitala anaponya chiguduli pamwamba pa ntchito yawo, koma alamu ndi anthu amene amayamba kuvundukula asanapereke moni.

Anatembenuza mbali ija kawiri, n'kuseka mpaka kugwira benchi.

"Alamu, kampando aka mwapangira munthu wa miyendo ya kumanzere yokhayokha? Mlongo wangatu ndinakupatsani ali ndi wa kumanja womwe."

A Inspekitala anati ntchito ili pakati, munthu wosadziwa sangaimvetse. Alamu anapukuta misozi, napisa m'thumba la ovololo, natulutsa misomali inayi yopindika pang'ono. Anati adule mano a mbali imeneyo, akhome misomali iwiri uku iwiri uku, mabowo atseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, pasanathe mphindi khumi nkhani yatha, ndipo iwo sadzauza munthu. Anaika misomaliyo pa benchi n'kupita kukhitchini kukafufuza tiyi.

Misomali inayi ija a Inspekitala anaiyang'ana nthawi yaitali. Umodzi anautola ndithu. Anauimika pa thabwa la bambo awo, natambasula dzanja kuti atenge hamala pa chithunzi chake. Ali chomwecho, mayi analowa ndi kapu ya tiyi.

Sanafunikire kufotokozeredwa. Anayang'ana mbali ziwirizo kamodzi kokha, nayang'ana katoni, naika kapu pansi kuti isatayike, chifukwa mapewa anali atayamba kale kugwedezeka.

"Munazigoneka zoyang'ana kumodzi," anatero.

"Kuti zifanane."

"Zafananadi. Bambo, nsalu timaipinda pakati tisanadule, kumaso kuyang'anizana ndi kumaso, kuti mkono wina utuluke wa kumanja. Zaka makumi atatu ndikudula pa tebulo lomwe inu mumadyerapo, simunaonepo?"

Sanaonepo. Iwo pa tebulopo ankangoona kuti chakudya chachedwa. Mayi anawauza kuti nawonso zinawachitikira ali mtsikana, pa jekete la m'busa wina, nsalu yake yochokera kunja yopanda yotsala: manja awiri a kumanzere, m'busa akubwera mawa lake. Anati telala amene sanadulepo manja awiri a kumanzere ndiye kuti sanayambe kusoka.

Apa a Inspekitala anakumana ndi ntchito yovuta kuposa kusema mabowo asanu ndi atatu. Moyo wawo wonse iwo ndiwo ankafunsa mafunso omwe mayankho ake ankawadziwa kale. Anatsokomola, nasuntha sikweya yomwe inali kale pamalo pake, nayang'ana kudenga komwe kunalibe thabwa lina.

"Nanga inu mukanatani, mayi?"

Mayi anatenga mbali ija n'kuiyang'anitsa ku windo ngati akuona nsalu ya kasitomala. Anati thabwa lili ndi mwayi kuposa jekete, chifukwa kumaso ndi kumbuyo kwake n'chimodzimodzi. Aboole mabowowo mpaka atulukire, mano alowere mbali inayo, ndipo maenje otsala kunja aikemo zigamba. Zigambazo zisakhale zobisa ayi, zikhale za thabwa loyera, zooneka.

A Inspekitala anati ndiye kuti mbali imodzi ikhala ya zigamba, ina yosalala, aliyense adziwa.

"Ndiye muboole zonse ziwiri. Cholakwika chikakhala mbali imodzi anthu amaseka. Chikakhala uku ndi uku amafunsa kuti sitayilo imeneyi mwaitenga kuti."

Mayi anatola misomali ija n'kuiponya m'thumba la epuloni, nawakumbutsa kuti Loweruka silinasunthe. Asanatuluke anayendetsa chikhatho pa benchi, kuchokera uku mpaka uko, pang'onopang'ono, nayeza ndi chiuno kutalika kwake. A Inspekitala anaganiza kuti akuyamikira.

Anaboola masana onsewo, mtima ukuwawa pamene tchizulo chinkatulukira pa tsaya la khanda lija. Zigamba anadula ku zotsala za paini zomwe anapangira kabokosi ka mapensulo. Anapaka guluu, namanga ndi zopanira, ndipo Loweruka m'mawa anapala, nakwecha ndi sandipepa, nanyamula kampandoko ndi manja awiri kudutsa pakhomo la wekishopu, mwakachetechete ngati wonyamula mwana wobadwa kumene. Mbawa yofiirira, timabokosi toyera tinayi uku, tinayi uku.

Mayi anavula silipasi, naponda sitepe loyamba, lachiwiri, natsitsa botolo latsopano la mafuta. Kampando sikanalire. Alamu, amene anafika ndi kalole monga mwa pangano, anati mayeso enieni ndi iwowo, nakwera ndi mimba yawo yonse n'kudumphadumpha. Kanangokhala nji. Anatsika ali okhumudwa, nati komabe ndi misomali zikanatha dzulo.

A Inspekitala anafunsa, mwa mawu a munthu amene akudziwa kale yankho, ngati nkhani ya sitolo ya kuseri yatha. Mayi anati yatha, zitsulo zikhale pomwe zili, wekishopu ndi yawo. Anangowonjezera kuti si bwino achimwene abwere mtunda wonsewu n'kubwerera osanyamula kanthu.

"Achimwene, gwirani makina anga mbali iyo. Akaima pansi pa windo. Benchi ija ndiyesapo kudulira nsalu, sindinaonepo tebulo losagwedera ngati limenelija."

A Inspekitala anatchula za utuchi, kuti udzadetsa nsalu za anthu. Mayi anati m'zaka zitatu utuchi womwe watuluka m'menemo sungadzaze ndowa yong'ambika ija, ndipo munthu wosesa kawiri pa tsiku ngati iwo ndi amene telala aliyense amamulakalaka. Anagawa masiku ali chiimire: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu benchi ndi ya nsalu. Masiku enawo ndi ya matabwa, ndipo chitseko cha kabati ya kuchipinda chakhala chikulendewera kuyambira chaka chomwe galimoto inatulutsidwa.

Lolemba lotsatira sizasi yaikulu ya mayi inapezeka itagona pa benchi, pamalo opanda chilolezo. A Inspekitala anaizungulira kawiri. Kenako anatsegula kachitini ka penti yofiira, napachika sizasiyo pakhoma pakati pa sowo ndi sikweya, naijambulira chithunzi chake.

Masiku ano mlendo akabwera kudzabwereka wilibala amayamba watengeredwa kukhitchini kukaona kampando. A Inspekitala amaloza zigamba zoyera zija ndi pensulo, n'kufotokoza kuti imeneyi ndi njira yakale kwambiri, yomwe amisiri ochepa okha ndiwo akuidziwa, ndipo kuti mbali ziwiri za chinthu munthu azizilemba zitayang'anizana, mfundo yomwe achinyamata ambiri amaiphonya. Mayi sawatsutsa. Kuwekishopu kumangomveka sizasi ikudula, mokweza pang'ono kuposa mmene nsaluyo ikufunira.