Amene Anasiyidwa pa Mwezi wa Jupita

"Kodi mwezi wa ku Mozambique ndi womwe uno, kapena iwo ali ndi wawo?"

Anafunsa ndi mwana wanga Patience ali Sitandade 2. Amene anamuyankha ndi a Timoti Kalimbuka, aneba athu kuno ku Thambani, omwe tsikulo anabwera kuti ndiwamatire chubu cha njinga. Anati mwezi wathu ndi umodzi, timagawana ndi a ku Zobue omwe, koma kuli dziko lalikulu lotchedwa Jupita limene lili ndi miyezi yambirimbiri. Umodzi mwa iyo, Yuropa, ngokutidwa ndi madzi oundana, ndipo asayansi akuganiza kuti pansi pake pali nyanja. Mwanayo anaiwala tsiku lomwelo. A Timoti ndiwo sanaiwale.

Anali atapuma ntchito yaukalaliki ku boma, ndipo kuyambira chaka chimenecho anayamba kulemba nthano za maulendo opita kumeneko. Kabuku kamodzi anakasindikizitsa okha ku Blantyre, zina zonse zinatsala m'makope asanu ndi awiri m'katoni. Ankandipatsa ine kuti ndiwawerengere. Fomu 4 yanga ndinaimalizira ku sukulu yamadzulo ndili kale ndi ndevu, ndipo iwo ankati ndimawerenga ngati munthu wosankha nyemba. Chimodzi chokha ndinawachenjeza: anthu a m'nthano zawo ankawapatsa mayina a ife aneba.

Anamwalira mu Juni. Tsiku lotsatira maliro, abale akuona za katundu, mdzukulu wawo wochokera ku Blantyre anatenga kope lomaliza n'kuyamba kuwerenga mokweza, pofuna kuwalemekeza. Tsambalo linali lakuti Esinati, mtsogoleri wa ulendo, watsikira m'dzenje la madzi oundana kukaona nyanja ija, chingwe n'kuduka. Anzake akuitana pa wailesi, iye zii. Nthano inathera pomwepo. Masamba otsatira anali osalemba.

Anthu anaseka, koma a Esinati enieni, mai a Aubrey ogulitsa manachesi pamsika, sanaseke. Kuyambira mu Febuluwale mapazi awo ankachita dzanzi ndi kuzizira, ndipo kuchipatala anali atawauza kuti ndi shuga. Pofika Loweruka msika wonse unali ukunena kuti malemu anawamanga m'kope. Aubrey anapita kwa mai a masiye, a Ursula, akazi a malemuwo, kukanena kuti makope onse apse. A Ursula kwawo ndi ku Ntcheu, kuno alibe wowaimira, ndiye anavomera. Ine anangonditumira uthenga kuti awotcha Lolemba m'mawa.

Ndinawapeza ali ndi a Ursula kudzala kuseri kwa nyumba ya malemu. Katoni ili pansi, Aubrey ali ndi botolo la palafini, mai ake akhala pampando, mapazi atawakulunga m'chitenje.

Sindinganene kuti a Esinati anali opusa. Munthu amene mapazi akumuzizira usana ndi usiku, n'kumva kuti mnzake anamulemba ali m'madzi oundana, ali ndi chifukwa chofunsira. Ndinangopempha kuti ndione kopelo, chifukwa a Timoti ankalemba deti pamwamba pa tsamba lililonse.

"Taona apa, Aubrey. Tsamba ili analemba mu Epulo. Mai ako anayamba kudwala mu Febuluwale."

"Ndiye ndi zabwino zimenezo?" anatero Aubrey. "Anaona munthu akudwala, iwo n'kumuponya m'dzenje?"

Umboni wanga unali utanditembenukira.

"Bambo a Patience," anatero a Esinati, "inu munkawerenga zimenezi. Anandisiyiranji kumeneko? Ndinawalakwira chiyani? Manachesi ndinkawaikira basera."

Ndinawauza zimene ndinkadziwa. A Timoti sankafuna kulemba bodza pa zimene zili m'nyanjamo. Anamva pa wailesi kuti asayansi atumiza chombo chopanda munthu kukaunika mwezi umenewo, ndipo chikafika cha m'ma 2030. Anati adikira kaye amve ngati muli zamoyo kapena ayi, kuti adziwe chimene Esinati akakumane nacho pansipo.

"2030! Ine ndili m'madzi?"

"Ndi mmene anakonzera, mayi."

"Mwamuna ameneyu anali wosafulumira," anatero a Ursula motsitsa mawu. "Denga la khitchini linadikira zaka zitatu."

Aubrey anatsegula botolo. Mai ake anakweza dzanja.

"Taima kaye iwe. Ndamva tsamba limodzi lokha, la tsoka. Kumbuyoko ndinkatani?"

Ndinatenga kope lachitatu n'kuwerenga pamene chombo chinatsala pang'ono kuwomba mwezi wina wolavula moto. Amuna onse anali atagwa mphwayi, wina akulira, Esinati n'kuwakalipira kuti amene akufuna kulira akalilire panja. Anagwira chiwongolero yekha mpaka anadutsa.

"Amuna angati?"

"Khumi ndi mmodzi."

"Onsewo kumamvera ine?"

"Onse. Ndi ine ndemwe ndilimo, ndine makaniko."

"Amene ankalirayo si inu?"

"Ayi, ameneyo ndi a Abbas a pagolosale."

A Esinati anaseka mpaka kutsokomola. A Ursula nawo anabisa nkhope m'chitenje. Aubrey yekha ndiye anakhalabe ndwii.

"Amayi, tabwera kudzawotcha, osati kudzamvera nthano. Anthu akukusekani pamsika."

"Akuseka chifukwa ndili m'dzenje. Tsono ukawotcha, ndituluka bwanji? Ndiye kuti ndathera momwemo mpaka kalekale." Anatembenukira kwa ine. "Inu a makaniko, chingwe chikaduka amalumikiza ndani?"

Ndinawauza kuti ine sindine mlembi. Ntchito yanga ndi masipoko ndi machubu, ndipo kulemba m'kope la munthu amene wagona si chinthu chopepuka. Ndinayang'ana a Ursula.

"Masambawo ngosalemba," anatero iwo. "Akanakhala moyo akanakupatsaninso inu kuti muwerenge. Lembani."

"Komatu mai a Aubrey, mumve bwino," ndinatero. "Sindikulonjeza kuti mapazi asiya kuzizira."

"Za mapazi n'za adokotala, Lachinayi ndikupita. Inu yanu ndi imodzi basi. Ndipo musandikoke ngati thumba la makala ayi. Ndikwere ndekha, nditaona kaye zimene ndinapitira."

"Nanga m'nyanjamo mukapezamo chiyani? Asayansi sakudziwa."

"Ndiye akadzafika adzandifunse ine."

Aubrey anatseka botolo n'kuchoka osatsanzika. Mpaka lero moni wake kwa ine ngwapakamwa pokha, ndipo sindimuimba mlandu, ankateteza mai ake. Ndinanyamula katoni, a Esinati n'kugwira m'mphepete mwake.

"Mpaka liti, aneba?"

"Manachesi asanathe m'mitengo mudzakhala mutatuluka."

"Mwalonjeza pamaso pa mai a masiye."

"Ndalonjeza."

"Nanenso ndalonjeza," anatero akuchotsa dzanja. "Palibe wa kwathu adzayandikire makope amenewa ndi machesi."