Mfuti ya Chisonga

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Curtis Vandehey ankapita kumsasa wa alenje wa abale a mkazi wake ngati wophika. Lamulo la apongozi ake, a Delmar Prochaska, linali lalifupi: wofuna kukasaka agwape abwere ndi mfuti yakeyake, ndipo mfutiyo ilase mbale ya pepala katatu pa mtunda wa mayadi zana. Wolephera avale epuloni. Curtis mfuti analibe, kotero Novembala aliyense, anzake akamamwazikana m'nkhalango za kumpoto kwa Wisconsin, iye ankatsala akutakasa nyemba za tsabola ndi kutsuka makapu a khofi. Pakhoma la nyumba yamatabwa ya pamsasapo mlenje aliyense anali ndi misomali iwiri yopachikapo mfuti, dzina lake litalembedwa m'munsi. Msomali wa Curtis unali umodzi, wopachikapo epuloni, pafupi ndi mbaula, ndipo unalibe dzina. Sankadandaula pakamwa, koma zinkamuwawa.

Chaka chimenecho anati zakwana. Kumsika wa mfuti m'tauni anapeza mkulu wina akugulitsa mfuti zakale za asilikali a ku Russia, zobwera m'mabokosi, zopakidwa girizi ngati wopakayo anali ndi chidani ndi wogula. Curtis anachita zonse zimene anawerenga. Anasuzumira mumpope ndi tochi n'kuona kuti mizere yake ikadali yakuthwa. Anafananiza manambala a pazitsulo zake, onse anagwirizana. Anayesa mutu wa chipolopolo kukamwa kwa mpope, ndipo unakana kumira, kusonyeza kuti mpopewo sunaperepeseke. Anasankha yaifupi, yolembedwa 1946, yokhala ndi chisonga chachitsulo chopindikira m'mbali. Mtengo wake sunafike ndi theka lomwe la galasi loonera patali la pamfuti ya mlamu wake Duane, ndipo kutchipa kumeneko n'kumene kunkamudetsa nkhawa. Chikomekome cha mkuyu paja m'kati muli nyerere.

Miyezi yotentha yonse anakhala akukulunga thabwa la mfutiyo m'thumba lakuda lapulasitiki n'kuliyanika m'galimoto yotseka mawindo kuti girizi asungunuke. Galimotoyo inali ya Marlys, mkazi wake.

"Ukwati uno waona zambiri," anatero Marlys atanunkhiza mpando, "koma mkazi mnzanga wonunkha chonchi sindinamuyembekezere."

Tsiku lokaiyesa, Curtis anapita yekha kudzenje lakale lokumbamo miyala. Atayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti kulibe munthu, anatambasula chisonga chija, chinati khwa! Tisanamizane, mwamuna aliyense akanachita zomwezo. Anaima ngati msilikali, bambo wa ana atatu wa dazi lake, kenaka anagona pansi n'kuomba. Zipolopolo zisanu, mabowo asanu m'mbale. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Kumsasa anafika Lachisanu masana, kuli chisanu choluma makutu, kusaka kukutsegulidwa mawa lake. Atangotulutsa mfuti m'chikwama, Duane anagwira m'mimba ndi chiseko.

"Alamu, mwagula mfuti kapena mkondo? Gwape akathawa muzimuthamangitsa nacho chimenechi?"

"Imaomba bwino, alamu."

"Inkaomba bwino agogo anu ali kumkaka! Ndiye bwezi mutatenga ndi chisoti cha msilikali chomwe."

Ena onse anafa nacho chikhakhali. A Delmar okha sanaseke. Anailandira mfutiyo, anakoka chotsekera kawiri, anasuzumira mumpope moyang'anitsa kumwamba, anainunkhiza, n'kuibweza.

"Tikaone kumbale," anatero.

Curtis anagona pabulangete, chigongono pachipika. Dzanja linapita lokha kuchisonga, koma anamva Duane akutsokomola chiseko kumbuyo, ndipo analibweza msanga. Asekedwe kawiri tsiku limodzi? Chisongacho chinakhala chopinda. Anaomba. Mfutiyo inabangula, moto unalavuka kukamwa kwake, chipale chofewa chinayoyoka m'nthambi. Anaomba kachiwiri, kachitatu.

Duane anayang'ana m'galasi lake. "Mbale ili mbee! Mukhoza kudyerapo, alamu." Anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi epuloni, ataitambasula ndi manja awiri ngati akuveka mkwati.

Curtis anayang'ana mfuti yake. Sanali kuganiza za nyemba ayi. Chinkamupweteka n'chakuti mfutiyi anaisankha yekha, ndi maso ake, osafunsa munthu, ndipo tsopano apongozi ake adziwa kuti maso akewo ndi achabe.

Koma a Delmar anali atayamba kale kuyenda kupita kuchandamale, pang'onopang'ono, ndi bondo lawo lovuta lija. Onse anawatsatira. Pakatoni yomwe anakhomapo mbale panali mabowo atatu, chikhatho chimodzi kuchoka m'mphepete mwa mbaleyo, oyandikana moti dzira likanawaphimba onse.

"Mfuti yoipa imamwaza ngati nkhuku ikupalasa," anatero mkuluyo akusisita mabowowo ndi chala. "Iyi yaika pamodzi, kungoti yaika pambali. Mkamwini, kwanu kuja munkaiomba bwanji?"

"Chimodzimodzi, Bambo."

"Chimodzimodzi?"

Curtis anayang'ana nsapato zake. "Kungoti chisonga chinali chotambasula."

"Ayi, taimani!" anakuwa Duane. "Munali nokha kudzenje kuja, ndi mkondo? Munkaguba?"

"Pang'ono," anavomera Curtis, makutu ali psuu.

A Delmar anadikira kuti phokoso lithe. "Asilikali ake ankamenya nkhondo chisonga chili kutsogolo, ndiye kufakitale mfuti zambiri ankaziwongola chili chomwecho. Mukachipinda, mpope umanjenjemera mosiyana, chipolopolo n'kupatuka. Mfuti ilibe mlandu. Manyazi anapha lambe, mkamwini."

"Koma lamulo ndi katatu, Bambo," anatero Duane.

"Lamulo ndi langa, ndipo limayesa mfuti yathunthu. Apa tayesa theka."

Anabwerera pabulangete paja. Curtis anapuma kwambiri n'kutambasula chisonga, khwa! Duane anamenya sawatcha, wina anayamba kuimba ng'oma pachidebe. Curtis anawasiya aseke. Anatsamiritsa tsaya pathabwa lonunkha girizi lija, anaomba katatu mosafulumira, ndipo pofika kachitatu ng'oma inali itasiya.

Mbale anakaitenga a Delmar okha. Anabwera atapisa zala zitatu m'mabowo, n'kuionetsa Duane pafupi ndi mphuno.

"Munagula bwino," anauza Curtis. "Ndi yonyansa, koma siinama."

M'nyumba muja mkuluyo anatenga hamala ndi misomali iwiri. Pakhoma malo anali ochepa, ndipo mfutiyo ndi chisonga chake inali yaitali kuposa mpata umene unatsala.

"Ndichipinde, Bambo?" anafunsa Curtis.

"Musachipindenso. Ipachikeni mmene imaombera." Anazula misomali ya Duane n'kuisunthira kukona, kenaka anakhoma yatsopanoyo. Anatulutsa pensulo m'thumba, anainyambita kunsonga, n'kulemba pathabwa zilembo zikuluzikulu.

"Nanga tsopano aziphika ndani?" anafunsa Duane.

Bambo ake anamuyang'ana kumaso, kenaka m'manja. Epuloni ija anali akadali nayo.

Madzulo amenewo nyemba zinapserera, khofi anali ngati madzi otsukira mbale, ndipo aliyense anadandaula kupatula munthu mmodzi. Curtis anadya mbale ziwiri, atatembenuza mpando kuti uyang'ane kukhoma kumene kunali dzina lake.