Mutu wa Apongozi

Telala wina anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: kulemba buku. Makina osokera akangoima, iye watola cholembera. Bukulo linali la makedzana, nthawi ya mfuti za gogodela, pamene alendo olemera anapita kutchire kukaona nyama, n'kuyamba kufa mmodzimmodzi, ena ndi zilombo, ena ndi dzanja la munthu wosadziwika. Anthu a m'bukumo sanawafune kutali. Mlamu wake anadyedwa ndi ng'ona m'mutu woyamba. Apongozi ake, mayi a mkazi wake, anawapatsa mutu wawowawo, atawaveka chipewa chachikulu ndi pakamwa posatseka.

Tsiku lina wosindikiza mabuku anaimba foni kuti bukulo latalika, pachoke mutu umodzi. Telala anayankha sizasi ili m'manja.

"Musadandaule, bwana. Mutu wa apongoziwo ndiudula lero lomwe. Ndi waukulu, komanso waphokoso."

Mkazi wake anali pakhomo la shopu ndi kapu ya tiyi. Anaiika pansi mwaulemu n'kubwerera. Telala pofika kunyumba anapeza ana kulibe, sutikesi kulibe, mipeni yonse ya kukhitchini nayo kulibe.

Apa mtima unamuthawa. Iye ankamukonda kwambiri mkazi wakeyo, kungoti mawu ake okoma onse ankathera m'buku. Anatola mapepala ake, liwiro kwa apongozi, sizasi ikusuzumira m'thumba la malaya.

Anapeza chitseko chokhoma, mlamu wake ali pawindo ndi mtengo wa mopu.

"Alamu, imani pomwepo! Chidacho pansi!"

"Ndimanena mutu wa m'buku, alamu! Chaputala!"

"Zimenezo mukafotokoza kupolisi."

Telala anagwada, n'kumalowetsa mapepala aja pansi pa chitseko. Kenako anakhala pakhonde dzuwa likumuphika, odutsa akumuyesa wogulitsa malonda. M'katimo anamva apongozi akuitanitsa magalasi. Patapita nthawi kunamveka chikhakhali choti n'kugwetsa denga, ndipo chitseko chinatseguka.

"Mkamwini, mayi wa chipewayu ndine?"

"Pang'ono chabe, amayi."

"Amene wathamangitsa mkango ndi ambulerayu? Mutu umenewu mukaudula, ine ndidula wanu. Dulani wa uyu." Analoza mwana wawo wa mopu uja. "Ng'onayo yagwira ntchito yabwino, kungoti yachedwa."

"Amayi, ine ndimakutetezanitu!" anadandaula mlamuyo, koma panalibe womumvera.

Mtima wa telala unakhala pansi, ndipo analowa. Mkazi wake anali pasofa, ana ali mbali zonse, sutikesi ili kumapazi. Sankaseka.

"Tiyeni kwathu, mayi," anatero Telala kwa mkazi wake.

"Amayi ali ndi mutu wawo. Achimwene ali ndi ng'ona yawo. Nanga ine ndili mutu uti?"

Telala anakanda pakhosi. "Inu simulimo. Ndinakulemekezani."

"Alimo," anatero apongozi akunyambita chala kuti atembenuze pepala. "Wakupha anthuwa ndamudziwa kale, ngakhale kumapeto sindinafike. Ndi mkazi wa mtsogoleri wa ulendoyu. Amachapa, amaphika, amanyamula tiyi, mwamuna wake osamuyang'ana ngakhale kamodzi. Ndi dzina lomwe simunamupatse. Munthu wotero angalekerenji kupha?"

Telala anatsegula pakamwa kuti atsutse, poti wakupha wake anali mlenje wa diso limodzi. Koma atafufuza m'mutu mwake dzina la mayi wa m'bukuyo, analisowadi. Anakumbukiranso kapu ya tiyi ija, imene inali ikadali pakhomo la shopu. Manyazi anamugwira mpaka kuzala za kumapazi.

Mkazi wake anaimirira, nasolola sizasi m'thumba la mwamunayo, n'kuiponya m'kachikwama kake.

"Mayi ameneyo ine ndikumumvetsa," anatero. "Ana, tiyeni. Inu bambo, nyamulani sutikesi, mukhale patsogolo. Muyende bwino, muli mipeni."