Mpendero Wopendekeka

Telala wina ankakhulupirira kuti diso lake silinama. Atasoka zaka makumi awiri pakhonde la sitolo, ankangomuyang'ana munthu n'kudziwa kuti nsalu ilowa yochuluka bwanji. N'chifukwa chake diresi la mwana wake likapendekeka, mpendero kukwera kumanzere n'kutsika kumanja, ankati vuto ndi mwini diresi.

"Ima bwino, iwe. Ukuimiranji ngati nkhuku yonyowa?"

"Bondo likundiwawa, ababa."

"Bondo lanzeru limenelo. Limawawa m'mawa mokha, nthawi ya sukulu. Masana umathamanga."

Ankamuwongola m'chiuno ndi dzanja, n'kumasula ulusi, n'kupindanso. Madiresi atatu anapita choncho.

Bondo lija litatupa moti aliyense n'kuona, makolo onse awiri anapita naye kuchipatala. Dokotala, mayi wolankhula modekha, anamugoneka mtsikanayo pabedi n'kuyeza miyendo yonse.

"Wakumanzere, wa bondo lotupali, watalika ndi masentimita awiri," anatero. "Iyi ndi nyamakazi ya ana. M'kati mwa bondo muli kachikopa kopyapyala kamene kamatulutsa madzi ofewetsa mfundo. Maselo a kachikopako akatupa nthawi yaitali, amaitana magazi ambiri, ndipo amasonkhezera nsonga ya fupa, pamene fupa limakulira. Ndiye limakula mothamanga kusiya linzake. Mankhwala oletsa kutupa alipo, koma ndidziwe kaye: zinayamba liti?"

"Miyezi iwiri yapitayi, adokotala," anayankha mayi a mwanayo.

Telala anafinya chipewa chake pamaondo. Akanangokhala chete, palibe akanamufunsa. Koma diresi loyamba ankalikumbuka bwino, labuluu, la chaka chimene mwanayo anagweruka mano akutsogolo.

"Lembani zaka ziwiri," anatero ndi mawu otsika.

Mkazi wake anatembenuka. "Munkadziwa, bambo ake?"

"Ndinkaona. Kumva ndiye sindinkamva." Anatembenukira kwa dokotala. "Adokotala, tikanabwera nthawi imeneyo?"

Dokotala sanamubisire. "Mwendo sukanafika apa. Komabe mwanayu akadali kukula. Kutupa kukaleka, winawo ukhoza kuyandikirako. Mwandithandiza ponena zoona, chifukwa matendawa akakhalitsa chonchi, mankhwala ake ndi ena."

Potuluka, telala anagwada pakhomo n'kumupatsa mwanayo msana.

"Ndiyenda ndekha, ababa. Anthu aseka."

"Aseke ine. Kwera, mayi anga."

Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, koma iwo anali atatsogola kale osacheuka. Anakwera. Anali wolemera kuposa m'mene bambo ake ankaganizira.